Phunziro la kalembedwe m'chaka choyamba ku koleji: zoyenera kudziwa mwana wa ku Hewe

Mwana wa ku Hewe amene wapeza malo ku sukulu ya ukachenjede, kaya akukaphunzira uphunzitsi, unamwino, za nkhalango kapena kawerengedwe ka chuma, amakapeza phunziro limodzi lomwe sangalizembe: la kalembedwe ndi kalankhulidwe ka Chingerezi. M'sukulu zambiri za m'dziko muno phunziroli limatchedwa Communication Skills, kwina Language and Communication Skills. Limaphunzitsidwa m'chaka choyamba ndipo ndi lokakamiza. Lilipo ku Mzuzu University, yomwe idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, ku University of Livingstonia, yomwe Sinodi ya Livingstonia idatsegula mu 2003 pa Khondowe m'boma lomweli la Rumphi, ku Unima ku Zomba ndi m'sukulu zina. Kunja nakonso lilipo kuyambira kale: sukulu ya Harvard ku America idayamba kukakamiza ophunzira a chaka choyamba kuphunzira kalembedwe mu 1885, aphunzitsi atadandaula kuti anyamata ochokera kusekondale sankalemba bwino.

Ambiri amalipeputsa, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kuti munthu asankhidwe kupita ku sukulu ya ukachenjede ya boma kudzera ku bungwe la NCHE, ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, kutanthauza giredi ya pakati pa 1 ndi 6. Aliyense wolowa m'kalasimo amabwera akudziwa kuti Chingerezi adakhoza kale. Chimene sadziwa n'chakuti chimangirizo cha pa MSCE ndi cha ku koleji n'zofanana dzina lokha. Cha pa MSCE chimalembedwa pa nthawi imodzi, kuchokera m'mutu, ndipo wochonga amayang'ana kwambiri galamala ndi kalembedwe ka mawu. Cha ku koleji chimatenga masabata, chimafuna kuti wolemba awerenge zimene ena adalemba, aime pa mfundo yake, ndipo asonyeze komwe watenga umboni uliwonse.

Kwa mwana wa kwa Themba Katumbi pali mtolo wina wowonjezera. Kunyumba, kudimba ndi pamsika wa Katowo amalankhula Chitumbuka. Chichewa, chomwe chidakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, amakakumana nacho kwenikweni kusukulu ndi pawailesi. Chingerezi n'chachitatu, ngakhale lamulo la maphunziro la 2013 limati ndicho chilankhulo chophunzitsira. Izi sizimuchepetsa nzeru. Munthu wodziwa zilankhulo zitatu amakhala ndi khutu lakuthwa. Koma zimatanthauza kuti nthawi zambiri amaganiza m'chilankhulo china n'kumalemba m'china, ndipo mphunzitsi wa ku koleji sachonga zomwe zili m'mutu, amachonga zomwe zili papepala.

Zimene mphunzitsi amayembekezera

Choyamba ndi kuyankha funso lomwe lafunsidwa. Mawu otsogolera funso ali ndi ntchito zosiyana. Describe amafuna kuti ufotokoze momwe chinthu chilili, compare amafuna kuti uike zinthu ziwiri pamodzi n'kuonetsa pofanana ndi posiyana, pomwe discuss ndi evaluate amafuna kuti uyese mbali zonse kenaka upereke chigamulo chako. Malikisi ambiri a chaka choyamba amatayikira pomwepa, munthu atalemba masamba asanu a Chingerezi chosalala koma chosakhudza funso.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wafunsa ngati mpanda ungathetse mkangano wa alimi ndi njovu za m'nkhalango ya Vwaza. Wophunzira wa ku Hewe nkhaniyi amaidziwa kuposa mnzake wa ku Ndirande, ndipo msampha uli pomwepo. Amayamba kufotokoza komwe Vwaza ili, kutchula nyama zomwe zilimo, kudandaula za chimanga chomwe chidaonongeka, n'kutsiriza ndi mawu akuti boma lichitepo kanthu. Zonsezo n'zoona, koma funso silidayankhidwe. Chimangirizo chomwe mphunzitsi akufuna chimanena m'ndime yoyamba kuti mpanda ungathandize kapena sungathandize, ndi zifukwa zake mwachidule. Ndime iliyonse yotsatira imanyamula chifukwa chimodzi ndi umboni wake: za mtengo wokonzera mpanda, za amene amauyang'anira, za zomwe zidachitika kumalo ena kumene kudamangidwa mipanda. Penapake wolemba ayenera kupereka mpata kwa amene angatsutsane naye, n'kumuyankha.

Apa pali kusiyana kwa chikhalidwe komwe sikukambidwa mokwanira m'kalasi. Pabwalo la mfumu, wolankhula waluso safulumira kutchula mutu wa nkhani. Amayamba ndi ulemu, amazungulira, amaponya mwambi, ndipo mfundo yaikulu imadza pomaliza anthu atakonzeka kuilandira. Ndi luso lenileni, ndipo lili ndi malo ake. Kalembedwe ka ku koleji kamatembenuza dongosololi: mfundo patsogolo, umboni pambuyo. Mwambi sungalowe m'malo mwa umboni. Chimodzimodzinso mwana amene adaleredwa kuti satsutsa akuluakulu amavutika kulemba kuti pulofesa wakutiwakuti adalakwitsa. Komatu mphunzitsi amayembekezera zimenezo, bola wotsutsayo aonetse chifukwa.

Kupatula chimangirizo, phunziroli limakhudza kulemba manotsi mphunzitsi akulankhula, kufupikitsa nkhani yaitali m'mawu akoako, kulemba lipoti ndi kalata za ntchito, kufufuza mabuku mu laibulale, ndi kulankhula pamaso pa kalasi. Ntchito zina zimachitika m'magulu. Pa izi ophunzira amadziwa okha kuti gulu lililonse limakhala ndi mmodzi wolemba ndi ena ongobwera kudzaika maina, ndipo n'chifukwa chake aphunzitsi ena amasankha aliyense m'gululo mwadzidzidzi kuti afotokoze zomwe zalembedwa.

Malamulo a phunziroli

Kumayambiriro a semesita mphunzitsi amapereka pepala la ndondomeko ya phunziro, lomwe limatchedwa course outline. M'menemo muli mitu yophunzira, mabuku oyenera kuwerenga, ntchito zomwe zidzaperekedwe, ndi momwe malikisi adzagawidwire pakati pa ntchito za m'kati mwa semesita ndi mayeso omaliza. Pepalali ndilo pangano la mphunzitsi ndi wophunzira, ndipo pakabuka kusamvana ndilo limatsegulidwa. Malamulo aakulu, monga a kubera mayeso ndi kuchotsedwa sukulu, amakhala m'buku la malamulo a ophunzira lomwe sukulu iliyonse ili nalo lakelake. Chifukwa manambala ake amasiyana, wophunzira asadalire zomwe adamva kwa mkulu wake amene adaphunzira kwina.

Ku koleji kulibe belu kapena mphunzitsi woyenda ndi ndodo, koma kujomba kuli ndi mtengo wake. Sukulu zambiri zimaika mlingo wa makalasi omwe munthu ayenera kupezekapo kuti aloledwe kulemba mayeso. Kusainira mnzako amene sadabwere ndi mlandu kwa nonse awiri.

Tsiku loperekera ntchito nalo silisuntha chifukwa cha munthu mmodzi. Aphunzitsi ena amachotsa malikisi pa tsiku lililonse lochedwa, ena salandira n'komwe. Matenda ndi maliro zimamveka, koma zimafuna kudziwitsa mphunzitsi kapena mkulu wa nthambi nthawi isanakwane, ndi umboni monga kalata ya kuchipatala. Izi n'zofunika kwambiri kwa wochokera kutali. Ulendo wa maliro kuchoka ku Zomba kapena ku Thyolo kukafika ku Hewe, kudzera ku Mzuzu, Rumphi ndi Bolero, kupita ndi kubwerera umadya masiku angapo, makamaka nyengo ya mvula. Wonyamuka mwakachetechete n'kudzafotokoza atabwerako amapeza kuti wasemphana ndi mayeso a m'kati mwa semesita, ndipo palibe lamulo lomuteteza.

Aphunzitsi ambiri amafuna ntchito yotayipa pa kompyuta, ndipo amanena kukula kwa zilembo, mpata wa pakati pa mizere ndi kuchuluka kwa mawu. Wochokera ku sekondale yoyendera komwe kompyuta adangoiona patali asachite manyazi; apite ku chipinda cha makompyuta cha pasukulu m'masabata oyambirira, mzere usanatalike. Kuwonongeka kwa foni kapena kutayika kwa fulashi si chifukwa chomwe aphunzitsi amachimvera chisoni, choncho ntchito isungidwe malo awiri, amodzi mwa iwo pa imelo.

Kuba nzeru za eni

Mlandu waukulu pa phunziroli ndi plagiarism, kutanthauza kutenga mawu kapena maganizo a munthu wina n'kuwapereka ngati ako. Ambiri amaupalamula osadziwa. Kusekondale adazolowera kukopera manotsi a pabolodi n'kuwabweza pa mayeso liwu ndi liwu, ndipo ankayamikiridwa. Ku koleji chizolowezi chomwecho chimatchedwa kuba.

Lamulo lake n'losavuta kunena. Ukatenga mawu enieni a wolemba, uwaike m'zizindikiro za mawu ogwidwa n'kutchula mwini wake, chaka ndi tsamba. Ukatenga ganizo lake n'kulinena m'mawu ako, utchulebe mwini wake. Kusintha mawu awiri kapena atatu m'chiganizo cha wina sikuchisandutsa chako. Kupereka ntchito ya mnzako, ya wophunzira wa chaka chatha, kapena yolipira munthu kuti akulembere, ndi mlandu womwewo, ndipo wobwereketsa ntchito yake naye amagwera momwemo. Chilango chimayambira pa kupatsidwa ziro pa ntchitoyo mpaka kukaonekera ku komiti ya mwambo, yomwe ingathe kuimitsa munthu kapena kumuchotsa sukulu.

Pali njira zingapo zotchulira eni nkhani, monga APA, Harvard ndi MLA, ndipo mphunzitsi amanena yomwe akufuna. Njira ya APA, yomwe buku lake lachisanu ndi chiwiri lidatuluka mu 2019, imafuna dzina la bambo la wolemba ndi chaka m'kati mwa chimangirizo, kenaka mndandanda wonse wa mabuku kumapeto motsata alifabeti. Mwachitsanzo, wolemba za mbiri ya Atumbuka amene wawerenga buku la T. Cullen Young la 1932, Notes on the History of the Tumbuka-Kamanga Peoples, amatchula Young ndi chaka cha 1932 pomwe wagwiritsa ntchito ganizo lake, ndipo tsatanetsatane wa bukulo amakamuika kumapeto. Asatchule buku lomwe sadaliwerenge pofuna kutalikitsa mndandanda. Aphunzitsi amawadziwa mabuku omwe ali mu laibulale yawo.

Nanga zomwe munthu adamva kwa agogo ake? Mbiri yambiri ya Hewe, ya mafumu a Katumbi ndi mwambo wa Mulindafwa, imasungidwa pakamwa. Sukulu ya ukachenjede siikana mbiri yotereyi. Imangofuna kuti wolemba anene amene adamuuza ndi tsiku lomwe adacheza naye, atapempha chilolezo chake, ndipo asiyanitse zomwe adamva ndi zomwe adawerenga. Wophunzira amene angathe kuika mawu a mkulu wa kumudzi pambali pa zomwe Young adalemba, n'kuonetsa pomwe akugwirizana ndi pomwe akusiyana, wachita ntchito yomwe mnzake wokopera pa intaneti sangaifike.

Sukulu zina zimagwiritsa ntchito mapulogalamu ngati Turnitin, omwe amayerekeza ntchito ya wophunzira ndi zolembedwa zambirimbiri n'kuonetsa mbali zofanana. Pulogalamuyi sigamula mlandu, imangoloza. Wogamula ndi mphunzitsi. Ndipo mphunzitsi wozolowera safuna n'komwe makina kuti aone kuti ndime yachitatu ili m'Chingerezi chosiyana ndi cha ndime yoyamba.

Kuyambira mu November 2022, pomwe kampani ya OpenAI idatulutsa ChatGPT, pabwera funso latsopano. Aphunzitsi sagwirizana chimodzi: ena amaletseratu, ena amalola kuigwiritsa ntchito pofufuza maganizo kapena kukonza galamala bola wophunzira anene kuti watero. Chosakayikitsa n'chakuti kupereka chimangirizo cholembedwa ndi makina ngati chako ndi chinyengo. Palinso ngozi ina. Mapulogalamuwa amatha kupeka maina a mabuku ndi olemba omwe kulibe, ndipo pa nkhani za malo ngati Hewe, omwe zolembedwa zake pa intaneti n'zochepa, amalankhula molimba mtima zinthu zomwe mwana wa pa Katowo angaseke.

Malikisi ndi zotsatira zake

Pepala likabwerera lili lofiira ndi inki, ambiri amangoyang'ana nambala ya pamwamba n'kulipinda. Phindu lili m'ndemanga za m'mbali, chifukwa zolakwa za munthu mmodzi zimabwerezabwereza: kusokoneza he ndi she, poti Chitumbuka ndi Chichewa sizisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, kuiwala the ndi a, zomwe zilankhulo zathu zilibe, kusinthanitsa l ndi r, ndi ziganizo zazitali zolumikizidwa ndi makoma okhaokha. Aphunzitsi amakhala ndi maola oonana ndi ophunzira ku ofesi, ndipo m'kalasi ya anthu mazana iyi ndiyo nthawi yokha yomwe angayang'ane pepala la munthu mmodzi mofatsa. Wolemba imelo kwa mphunzitsi atchule dzina lake, nambala yake ya ophunzira ndi phunziro lake, ndipo alembe ngati kalata ya ku ofesi, osati uthenga wa pa WhatsApp.

Wolephera phunziroli pang'ono amatha kupatsidwa mwayi wolemba mayeso apadera, a supplementary, malinga ndi malamulo a sukulu yake. Wolepheranso amabwereza phunzirolo, ndipo likaphatikizana ndi maphunziro ena olephera lingathe kumubwezetsa chaka kapena kumuchotsetsa sukulu, zomwe ophunzira amati kuwididwa. Kwa banja lomwe lidagulitsa mabelo a fodya kuti lipeze fizi, chaka chobwereza ndi ndalama zina zomwe sizidakonzedwe, ndipo zomwe wophunzira adatenga ku bungwe la HESLGB, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015, ndi ngongole yofunika kubweza. Amene akuona kuti sadachongeredwe bwino ali ndi ufulu wodandaula, koma kudzera m'kalata, m'masiku omwe malamulo a sukuluyo adaika zotsatira zikangotuluka.