Mbiri ya Khonsolo ya Boma m'Dziko la Malawi

Mudzi uli wonse uli ndi zosowa zimene munthu mmodzi sangathe kuzikwanitsa pa yekha. Mlatho ukakokoloka, denga la sukulu likasasuka, citsime cikaphwa, anthu onse abvutika pamodzi. Tsono pafunika ena oti akhale pansi, aone nchito yoyenera kuyamba, ndi kupeza ndalama zace. M'dziko la Malawi nchito imeneyi inapatsidwa kwa Khonsolo ya boma. Koma Khonsolo sinabadwe tsiku limodzi ai. Mbiri yace ndi yaitali, ndipo m'mbiri yonseyo anthu akhala alikulimbana pa funso limodzi: kodi woyenera kugamula za ndalama za msonkho ndani, wokhometsa msonkho kapena wokhoma?

Bwalo la Makolo

Azungu asanadze, nkhani za mudzi zinali kukambidwa pa bwalo. Nyakwawa inali kukhala pansi pa mtengo pamodzi ndi nduna zace ndi eni mbumba. Akuluakulu anali kulankhula mmodzimmodzi, ndipo mfumu inali kulankhula potsiriza, itamva maganizo a onse. Mfumu yanzeru sinali kuumiriza cinthu cimene anthu acikana, pakuti malo anali ambiri masiku amenewo, ndipo anthu okwiya anali kungosamuka ndi kukamanga kwa mfumu yina. Mfumu yothawidwa ndi anthu ace inali kutsala ndi dzina lokha.

Kudza kwa Bwana D.C.

M'caka ca 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo Harry Johnston anakhazika likulu lace ku Zomba. Iye anagawa dziko m'zigawo, naika Mzungu woyang'anira m'cigawo ciri conse. Malo amene Mzunguyo anali kukhala anachedwa boma, ndiko kunena linga, ndipo dzinali linafalikira kufikira cigawo conse cinachedwa boma, ndi ulamuliro wa dziko lonse unachedwanso Boma. Woyang'anirayo ndiye amene pambuyo pace anadziwika ndi dzina lakuti Bwana D.C. Iye anali kukhometsa msonkho wa nyumba, kuweruza milandu ndi kulambulitsa miseu. Ndalama zinali kupita ku Zomba, ndipo eni ace sanali kufunsidwa za nchito yace. Sukulu ndi zipatala zambiri zinali za Amishoni.

M'caka ca 1912 Boma linaika lamulo lozindikira mafumu akulu ndi nyakwawa. Koma mafumuwo analibe thumba la ndalama, ndipo nchito yao inali kuthandiza Bwana D.C. kutola msonkho ndi kusunga bata. Caka comweco aphunzitsi, makalaliki ndi ena ophunzira a ku Karonga anayamba bungwe lao lochedwa North Nyasa Native Association, ndipo Levi Mumba anali mmodzi wa atsogoleri ace. Mabungwe otere anabuka m'maboma enanso. Iwo anali kukambirana za sukulu, za miseu ndi za msonkho, nalemba madandaulo ao kwa Boma. Kupempha anali kupempha ndithu, koma mphamvu ya kugamula analibe.

Mafumu Alandira Thumba

Kusintha kwakukulu kunadza m'caka ca 1933, pamene Sir Hubert Young anali Bwanamkubwa wa ku Zomba. Malamulo awiri anaikidwa. Lina linapatsa mafumu akulu ulamuliro wa m'maiko mwao ndi dzina lakuti Native Authority, ndipo anthu anangowachula kuti ma N.A. Linzace linakhazikitsa makhoti a mafumu. M'zaka zotsatira mafumuwo analandiranso thumba la ndalama. M'thumbamo munali kulowa gawo la msonkho, ndalama za milandu, za ziphaso ndi za m'misika. Ndi ndalama zimenezi mfumu inali kulipira kalaliki ndi amesinjala ace, ndipo zotsala zinali kukonza miseu yaing'ono, zitsime, misika ndi tizipatala ta kumidzi.

Umu ndimo ndalama zina za msonkho zinayambira kutsala kwao kwa ozikhoma. Komabe panali zobvuta ziwiri. Coyamba, thumbalo linali laling'ono, ndipo gawo lalikulu linali kuthera m'malipiro. Caciwiri, mfumu inali ndi ambuye awiri. Pansi panali anthu ace, pamwamba panali Boma, limene linali ndi mphamvu ya kuiuza lamulo loti ilengeze, ngakhalenso kuicotsa pa mpando. Lamulo locokera ku Zomba linali kufika m'mudzi ndi mau a mfumu, ndipo anthu akadana nalo, mkwiyo wao unali kugwera mfumuyo.

M'zaka za 1944 ndi 1945 Boma linayambitsa mabwalo a zigawo, ndipo m'caka ca 1946 linaonjeza bwalo la dziko lonse. M'mabwalomo munali mafumu ndi anthu ena ophunzira, koma nchito yao inali kupereka uphungu cabe. M'caka ca 1947 nduna ya ku London yoyang'anira maiko a pansi pa Angerezi, Arthur Creech Jones, inalembera Abwanamkubwa a mu Africa kuti akonze maboma aang'ono ogwira nchito bwino, okhala pafupi ndi anthu, ndi oti anthu wamba akhale ndi mau m'menemo. Kalata imeneyi ndiyo inatsegula njira ya Makhonsolo.

Malimidwe ndi Caka ca 1953

Pa nthawi yomweyo Boma linali ndi nkhawa ndi kukokoloka kwa nthaka. Njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri anthu a ku Blantyre ndi madera oyandikana nao, inakulitsa nkhawayo. Pansi pa Bwanamkubwa Sir Geoffrey Colby malamulo a malimidwe anakhwima. Mlimi ali yense anayenera kulima mizere yopingasa, kuunda migula, kuzula mapesi pa nthawi yace, ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje. Wolephera anali kutengedwa ku khoti la mfumu, nalipitsidwa, ndipo ena anamangidwa.

Nzeru ya kusunga nthaka inali yabwino, koma alimi sanafunsidwe. Nchitoyo inali yolemetsa, makamaka kwa akazi amene amuna ao anali ku Harare kapena ku Joni. Cotero mau akuti malimidwe anasanduka mau owawa m'makutu a anthu.

M'caka ca 1953 dziko la Nyasaland linalowetsedwa m'Citaganya pamodzi ndi maiko awiri a Rhodesia, ngakhale mafumu ambiri ndi a Nyasaland African Congress anakana kwamtuwagalu. Ku Ncheu, Inkosi Philip Gomani ya Angoni, imene kale Boma linali kuiyamikira, inauza anthu ace m'mwezi wa May kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe. Boma linaiimitsa pa ufumu, nilamula kuti icoke m'dziko lace. Apolisi atafika ku Lizulu anthu anawatsekereza, ndipo Inkosiyo, ngakhale inali yodwala, inaoloka malire kulowa m'dziko la Apwitikizi pamodzi ndi Mbusa Michael Scott. Apwitikizi anawabweza. Scott anapitikitsidwa m'dziko, ndipo Gomani anamwalira m'caka ca 1954 asanabwerere pa mpando wace. M'miyezi ya August ndi September 1953 kunabuka cipolowe ku Cholo, kumene lero akuti Thyolo, ndi m'maboma ena a kummwera, cifukwa ca malo, thangata ndi malimidwe. Anthu 11 anaphedwa.

M'caka cobvuta comweco ndimo munaikidwa lamulo loyamba la Makhonsolo a maboma. Lamuloli linalola kuti m'boma mukhale bungwe limodzi losunga thumba, lokhometsa msonkho wace, ndi lopanga malamulo aang'ono. Koma wapampando anali Bwana D.C., ndipo mamembala sanali osankhidwa ndi anthu onse. Munali mafumu ndi ena olowa mwa kuchulidwa maina, ndipo Azungu ndi Amwenye anali ndi malo ao. Anthu ambiri anaona Khonsolo yotere ngati mwana wa Citaganya, naikayikira. Motero kufikira kutha kwa zaka za m'ma 1950, maboma owerengeka okha ndiwo anali ndi Makhonsolo a lamuloli.

Khonsolo Yosankhidwa ndi Anthu

Dr. Hastings Kamuzu Banda anabwerera kwao pa 6 July 1958. Atapambana cisankho ca August 1961, iye anatenga unduna woona za nthaka ndi za maboma aang'ono. Kumanga anthu cifukwa ca malimidwe kunalekeka, ndipo lamulo la Makhonsolo linakonzedwanso. Kuyambira m'caka ca 1962 makhansala anayamba kusankhidwa ndi voti ya anthu akulu, amuna ndi akazi omwe, ndipo Bwana D.C. anacoka pa mpando. Makhonsolo anapatsidwa kuyang'anira sukulu za pulaimale, miseu ya m'boma, misika, tizipatala ndi nyumba zogona alendo.

Kagamulidwe ka nkhani m'Khonsolo kanali kotere. Boma linagawidwa m'madera, ndipo dera liri lonse linatuma khansala wace. Makhansala anagawana m'makomiti: ena a zacuma, ena a zamaphunziro, ena a miseu ndi zomanga. Nkhani inali kuyamba m'komiti, imene inali kuisanthula ndi kubwera nayo ku msonkhano wa onse. Pamenepo wina anali kuipereka, wina naibvomereza, ndipo atatha kutsutsana anali kuimika manja. Mbali ya manja ambiri ndiyo inali kupambana, ndipo mlembi anali kulemba zogamulidwazo m'buku kuti wina asadzazikane mawa.

Msonkhano waukulu koposa unali wa ciyerekezo ca ndalama za caka. Msungicuma anali kuonetsa ndalama zoyembekezeka kulowa, ndi zofunika kutuluka. Apa ndipo panali pobvuta, pakuti zosowa zinali zambiri kuposa ndalama. Mwacitsanzo, khansala wa kumapiri akafuna mlatho kuti alimi aolotse fodya ndi mtedza wao, wa kucigwa nafuna nyumba yocirira amai, pamene ndalama zikwanira cimodzi cokha, Khonsolo inayenera kusankha. Ikafuna zonse ziwiri, inayenera kukweza msonkho, ndipo khansala ali yense anadziwa kuti akabwerera kwao adzafunsidwa ndi okhoma msonkhowo. Cimeneci ndico cinasiyanitsa khansala wosankhidwa ndi Bwana D.C. Bwana D.C. akalakwa anali kungosamutsidwira ku boma lina, koma khansala anali kumwa pa citsime cimodzi ndi anthu amene anawalakwira. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.

Ngakhale zinali tero, Khonsolo sinali yodziimira pa yokha. Ciyerekezo cace ndi malamulo ace zinayenera kubvomerezedwa ndi Nduna, ndipo owerengera ndalama a Boma anali kudzaona mabuku ace.

Mphamvu Zibwerera ku Likulu

Dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964, koma patangopita miyezi iwiri nduna zinagawikana, ndipo m'caka ca 1966 Malawi anakhala dziko la cipani cimodzi. Kuyambira pamenepo munthu sakanatha kukhala khansala popanda cilolezo ca cipani. M'zaka zomwezo munakhazikitsidwa makomiti a citukuko m'boma liri lonse, wapampando wace ndiye Bwana D.C., ndipo atsogoleri a cipani anali momwemo. Ndalama za citukuko zinayamba kudzera m'makomitiwo, ndipo nchito zina za Makhonsolo zinatengedwa ndi maunduna. Makhonsolo anatsala ndi misika, nyumba za alendo ndi ngongole. Khansala analeka kuopa anthu a kwao, nayamba kuopa a pamwamba.

Anthu atasankha ndale za zipani zambiri m'caka ca 1993, nkhani ya maboma aang'ono inadzukanso. M'caka ca 1998 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo latsopano lobwezera mphamvu ku maboma, ndipo m'mwezi wa November 2000 makhansala anasankhidwa. Koma nthawi yao itatha m'caka ca 2005, cisankho cina sicinacitike kufikira May 2014. Zaka zisanu ndi zinai zimenezo Makhonsolo anayenda opanda makhansala, ndipo zogamula zinali m'manja mwa a Boma olembedwa nchito, mafumu ndi aphungu. M'caka ca 2010 lamulo linasinthidwa kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo akhale ndi voti m'Khonsolo.

Phunziro la Mbiri Imeneyi

Kuyambira 1891 mphamvu ya kugamula za m'boma yakhala irikuyenda uku ndi uko: kwa Bwana D.C., kwa mafumu, kwa makhansala, ku cipani, ndi kubwereranso kwa makhansala. Nkhani ya malimidwe ionetsa kuti lamulo, ngakhale likhale lanzeru, silikhalitsa ngati olisenza sanafunsidwe. Nkhani ya zaka za cipani cimodzi ionetsa kuti Khonsolo yopanda thumba ndi yopanda cisankho ceniceni iri ngati nkhokwe yopanda cimanga. Khonsolo ikhala ndi moyo pamene zinthu zitatu zikumana: anthu asankha okha owaimira, owaimirawo ali ndi ndalama zoti agamule, ndipo anthu awafunsa m'mene ndalamazo zayendera. Cotsirizaci sicifuna lamulo latsopano. Cifuna mwamuna ndi mkazi wodziwa kuwerenga, wokhoza kuima pa bolodi la ku ofesi ya Khonsolo, kuwerenga ciyerekezo ca caka, ndi kufunsa khansala wace za mlatho umene unalembedwa koma sunamangidwe.