Alonda a pa Zipata za Ntchito

Pamene Angerezi anapha Inkosi Gomani Woyamba m'chaka cha 1896, naika msonkho wa nyumba pa Angoni a Maseko amene kufikira nthawi imeneyo anali olandira mitulo osati opereka, amuna a dziko la Ntcheu anayamba kuphunzira chinthu chimene makolo awo sanachidziwe, ndicho kuima pakhomo pa mlendo ndi kupempha kuti alembedwe ntchito. Ndipo kuyambira pamenepo pachipata chilichonse cha ntchito pakhala mlonda, wokhala ndi muyeso wake woyesera iwo akufuna kulowa.

Mlonda woyamba sanafunse kalata, pakuti thupi la munthu ndilo linali umboni wake. Iye amene anafuna kupita ku migodi ya ku Joni mwa dzanja la Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito, anavula malaya pamaso pa dokotala, nakwera pasikelo, namvedwa m'chifuwa, ndipo akapezeka woyenera anadinda chala papepala limene sanathe kuliwerenga. Chifuwacho sanachipime mwachabe: chibayo chinapulula anthu a kuno m'migodimo, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha ano, kufikira zaka za m'ma 1930. Ena anatsata bungwe lina lotere la Mthandizi kunka ku Rhodesia, ena anangoyenda pansi kudzera ku Tete, ndipo kumeneko anapatsidwa chitupa, m'mene bwana aliyense analemba dzina lake, malipiro ndi tsiku limene wantchito anachoka. Motero mbiri ya ntchito ya munthu inalembedwa ndi dzanja la wina, mwini wake nangoinyamula m'thumba, ikhale yokoma kapena yowawa.

Koma panali khomo lina lopapatiza, limene anadzerapo ana a sukulu za mishoni, monga ku Gowa, ku Dombole, ku Mlanda, ndi ku Nzama kumene ansembe a Montfort anafika mu 1901. Mnyamata wofuna ukalaliki pa boma kapena uphunzitsi anatenga kalata ya umboni kwa mbusa, yonena kuti ngwokhulupirika ndi wosaledzera, nalemba yake yofunsira ntchito ndi zilembo zowongoka bwino, podziwa kuti woiwerenga adzayamba waweruza dzanja asanamve mawu.

Njira ya ku Joni inadukiza mu April 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74, pamene Dr. Banda analetsa kulemba anthu. Inatsegukanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, nitsekedwa mu 1988 pa mkangano woyeza magazi. Pamenepo ana a anthu a ku migodi anatembenukira ku satifiketi ya MSCE, ku zolengeza ntchito za m'nyuzipepala, ndi ku envelopu ya khaki yoponya ku positi ofesi.

Lero, m'makampani aakulu ndi m'mabungwe a kunja amene amalandira makalata pa intaneti, mlonda woyamba kawirikawiri ndi kompyuta, imene imasefa ma CV monga mayi asefa ufa, osafunsa kuti chimanga chinalimidwa ndi thukuta lotani. Makinawo amatola dzina, maphunziro, zaka ndi mayina a ntchito, nafananiza mawuwo ndi amene ali m'chilengezo; ndipo ngati chilengezo chifuna wodziwa kusunga mabuku a ndalama, koma wofunsira, amene wasunga ndalama za kalabu ya alimi a kachewere ku Tsangano zaka zisanu, walemba kuti anali mlembi chabe, dzina lake lingathe kutsikira pansi pa mndandanda, kumene diso la munthu silifika. Sindiyesa makinawa oipa koposa alonda akale, pakuti alibe msuweni womukondera, ngakhale alibenso chifundo chimene mbusa wa ku Mlanda akanachitira mwana wamasiye.

Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Wofuna kulowa pachipata ichi ayenera kudziwa makhalidwe a mlonda wake. Pepala lojambulidwa ndi foni, lingakhale looneka bwino chotani, kwa makina ambiri lili chithunzi chopanda mawu. Mizere yogawidwa m'mabokosi ndi zokongoletsa za m'mbali zimasokoneza kawerengedwe kake. Chofunika ndi CV yotayipidwa mwa Word kapena PDF, ya mitu yodziwika, zaka zolembedwa momveka, ndi mawu a m'chilengezo oikidwa pokhapo pamene ali oona, popeza wodutsa makina adzakhalabe pamaso pa anthu omufunsa. Apa ndipo pali vuto la achinyamata a ku Lizulu, ku Bilila ndi ku Kasinje, amene amalipira galimoto kufika pa boma, nalipiranso wotayipa, natenga CV imodzi yoti aitumize kulikonse, pamene chilengezo chilichonse chifuna kuti ikonzedwenso, ndipo kukonza kulikonse kufuna ulendo wina ndi ndalama ina.