Nyanja ya Chilwa ikaphwa: mbiri ya madzi, nsomba ndi kolera

Nyanja ya Chilwa ili ndi mitsinje yothiramo madzi koma ilibe mtsinje wotulutsa. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imatsirira m'nyanjayi kuchokera kumapiri a Zomba ndi Mulanje komanso m'zitunda za pakati pake. Madzi akalowa, ambiri amachoka pouma ndi dzuwa ndi mphepo. Popeza nyanjayi ndi yotambalala komanso yosazama, kuchepa pang'ono kwa mvula kumabweza gombe mtunda wautali. Kuchuluka kwa madzi ake kuli ngati ndalama za m'thumba: zotuluka zikaposa zolowa kwa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, thumba limatha.

David Livingstone atafika panyanjayi mu 1859 anaitchula kuti Shirwa, ndipo analemba kuti madzi ake anali amcheremchere. Mcherewo ndi chizindikiro cha nyanja yopanda potulukira, chifukwa madzi akauma mchere umatsalira. Kalekale Chilwa inkalumikizana ndi nyanja ya Chiuta kumpoto, mpaka mulu wautali wa mchenga unazilekanitsa. Chiyambire pamenepo, moyo wa nyanjayi wakhala ukudalira mvula ya m'dera lake lokha.

Kuphwa komwe kunafufuzidwa bwino ndi kwa 1968. Pa nthawiyo akatswiri a University of Malawi anali kale pa kafukufuku wa nyanjayi, ndipo zomwe anapeza zinatuluka m'buku mu 1979 lokonzedwa ndi Margaret Kalk ndi anzake. Iwo anaona kuti madzi akamachepa mchere umakwera, matope amachuluka, ndipo nsomba zimayamba kufa nyanja isanaumiretu. Matemba, makumba ndi milamba zomwe zinapulumuka zinabisala m'mitsinje ndi m'maiwe a m'dambo. Mvula itabwerera, nsomba zomwezo ndi zomwe zinadzazanso nyanja, koma usodzi unatenga zaka zingapo kuti ubwerere mwakale.

Mu 1995 nyanja inaumanso. Chilala chachikulu cha 1992 chinali chitaisiya yofooka, ndipo mvula ya zaka zotsatira sinakwanitse kubweza madzi otayika. Mu 2012 madzi anatsikanso kwambiri. Kenaka kunabwera chilala cha El Niño cha 2015 ndi 2016, ndipo pofika kumapeto kwa 2018 mabwato anali gwa pamatope ouma padoko la Kachulu, anthu n'kumafika pachilumba cha Chisi wapansi. Mvula yamphamvu ya mu Marichi 2019, yomwe inadza ndi namondwe wa Idai, inabwezeretsa madzi ambiri. Kudula mitengo m'mapiri ndi kupatutsa madzi a mitsinje kukathirira minda kwawonjezera vutoli, chifukwa dothi lokokoloka likukwirira nyanja ndipo madzi ofika m'chilimwe akuchepa.

Mbiri ya zaumoyo m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe imatsata madziwa. Kolera inapezeka koyamba m'Malawi mu 1973, ndipo dera la Chilwa lakhala limodzi mwa malo omwe matendawa amabukabuka. Asodzi ambiri amakhala milungu kapena miyezi pa zimbowera, tinyumba toyandama tomangidwa pa udzu wa m'nyanja. Kumeneko kulibe mjigo ngakhale chimbudzi. Madzi akumwa, ophikira ndi odzithandiziramo ndi amodzimodzi. Nyanja ikamaphwa, asodzi amaunjikana pamadzi ochepa otsala, kutali ndi chipatala, ndipo madzi ofunda amcheremchere ndi omwe tizilombo ta kolera timakhalitsamo. Nyanja ikadzala, nsomba zimakopa asodzi ndi ogula ochokera kutali, ena a ku Mozambique, pamene madzi osefukira amagwetsa zimbudzi ndi kudetsa zitsime za m'mphepete.

Kolera itabuka kumapeto kwa 2015, Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi Médecins Sans Frontières ndi mabungwe ena unapereka katemera wakumwa mu 2016. Vuto linali lowapezanso asodzi a pa zimbowera kuti alandire katemera wachiwiri. Njira yomwe inatsatidwa inali yowapatsa botolo lachiwirilo kuti apite nalo akamwe okha tsiku lake likakwana. Apa ntchito ya zaumoyo inasintha kuti igwirizane ndi moyo wa panyanja.

Kuphwa kwa nyanja kumafikanso m'mbale. Matemba ouma ndi ndiwo zotchipa zomanga thupi m'midzi ndi m'misika yambiri ya m'chigawo cha kummwera. Akasowa, mabanja a asodzi amataya ndiwo ndi ndalama nthawi imodzi, m'chaka chomwenso chimanga chakanika, ndipo ana osakwana zaka zisanu ndi omwe amayamba kunyentchera. Ena amatembenukira ku kuotcha makala ndi kutchera mbalame za m'dambo, zomwe zimafooketsa chilengedwe chomwe nyanja idzadalire pobwerera.

Kuphwa kwa Chilwa sikudza modzidzimutsa. Kumatenga zaka, ndipo zizindikiro zake zimaoneka ndi maso: mitsinje yoleka kuyenda msanga, mabwato okocheza kutali ndi doko, asodzi osamukira mkatikati mwa nyanja, matemba okwera mtengo. Alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka m'midzi amaziona zimenezi malipoti a kuchipatala asanasinthe. Mvula ikavuta zaka ziwiri zotsatizana, ndi nthawi yosunga klorini ndi Thanzi ORS pamadoko, kudziwa komwe zimbowera zasamukira, ndi kuyeza ana pafupipafupi. Nyanja ikadzalanso, kukonzekera komweko kumafunika, chifukwa khamu la asodzi limabwera limodzi ndi madziwo.