Kuteteza Ana a Mkombaphala pa Masewera Olimbitsa Thupi ku Mvera

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 2019 kuti mwana wa zaka 3 mpaka 4 azikhala ndi mphindi zosachepera 180 patsiku zoyendayenda ndi kusewera, ndipo mphindi 60 mwa izo zikhale za masewera amphamvu. Ku Mvera, m'boma la Dowa, dera la mapiri ndi miyala, alezi a m'sukulu za mkombaphala ayenera kuyamba asankha bwalo losatsetsereka ndi kuchotsamo miyala, zitsa ndi minga.

Chiopsezo chachikulu chili pakhosi. Mutu wa mwana wa msinkhu umenewu ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, pomwe minofu ya m'khosi sinakhwime, choncho kumuimika chadodolido, mutu uli pansi, n'kosayenera. Kugubuduka kuzichitikira pamchenga kapena pamphasa yoyalidwa paudzu, mwana mmodzi panthawi, mlezi atagwada pambali pake. Kunyamula mwana pomukoka dzanja, kumene akuluakulu ambiri amakuyesa kusereula chabe, kumagulula fupa la pachigongono, makamaka mwa ana osakwana zaka 5.

M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala masewerawa azichitika m'mawa, madzi akumwa ali pafupi.

Mwana akagwa n'kumenyetsa mutu, kenako n'kuyamba kusanza kapena kusinza mosadziwika bwino, atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo ndipo makolo ake adziwitsidwe. Ngati akudandaula khosi, asadzutsidwe mpaka khosilo litachirikizidwa kuti lisagwedezeke.