Mmene kompyuta inayambila kuwelengela anthu kwaulele

Mu 1976, Ray Kurzweil wa ku America anaonetsa makina amene anali kuwelenga pepala losindikizidwa na kutulutsa mau. Anali aakulu ngati tebulo, ndipo mtengo wake unali pafupifupi madola 50,000. Woimba Stevie Wonder anapeza ake. Koma kodi osaona angati ali na thumba la Stevie Wonder?

Mu 1995 kunabwela JAWS ya Windows, yocokela kwa Ted Henter, amene anasiya kuona pambuyo pa ngozi ya pamseu. Inatsegulila osaona nchito za mu ofesi, koma laisensi yake inali kudula kwambili. Cifukwa ca ici, Michael Curran wa ku Australia anayamba kulemba NVDA mu 2006, ndipo mnzake James Teh anagwilizana naye. Onse awili ni osaona. Anaipeleka kwaulele, ndipo mpaka lelo siigulitsidwa.

Panatsala vuto limene ise tonse amene tinaphunzilila intaneti mu ma cafe a m'tauni tilidziwa bwino. Kompyuta si yako. Walipila mphindi 30, ndipo mwini cafe sangalole kuti uikemo pulogilamu iliyonse. Wosaona akakhala pa mpando umenewo, makinawo amangokhala cete, ndipo imelo yake, ngakhale ya cinsinsi, afunika kupempha wina kuti amuwelengele.

Apa m'pamene timaikonda nkhani ya WebAnywhere. Mu 2008, Jeffrey Bigham na anzake pa University of Washington anapanga cowelengela cokhala pa webusaiti cabe. Unali kutsegula adilesi yake, kuvala mahedifoni, ndipo cinali kuyamba kukamba. Panalibe coika m'kompyuta, panalibe kupempha cilolezo. Sicinali camphamvu monga JAWS, koma cinaganizila munthu wobweleka makina, amene makampani aakulu sanali kumuona.

Pambuyo pake opanga mabulauza anatsatila. Safari inabweletsa Reader mu 2010, Firefox inaika Reader View mu 2015 yocotsa malonda na kukulitsa zilembo, ndipo Edge manje ili na Read aloud. Ambuya amene maso afooka na mwana wa sukulu wovutika na zilembo apindula cimodzimodzi.

Cotidandaulitsa n'cakuti mu Edge muli mau a Ciswahili na Cizulu, koma mukaipatsa nkhani ya Cinyanja, imaitafuna na lilime la Cingelezi mpaka dzina la Chipata lisamveke.