Belu la pa Kongwe

Pakati pa mapiri amene amalumikiza Dowa ndi Ntchisi pali phiri la Kongwe, ndipo m'tsinde mwake muli sukulu ya anyamata ya Robert Blake. Ambiri timaidziwa chifukwa cha mayeso a MSCE. Koma mukafunsa amene adaphunzirapo, sayamba ndi za mayeso ayi. Amayamba ndi belu, dayiningi ndi hosteli.

Mbiri yake idayambira kutali. M'chaka cha 1889 abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed, ochokera ku South Africa, adatsegula mishoni pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. Mu 1894 mbusa Robert Blake adakhazikitsa ina pa Kongwe, kwa Msakambewa. Maphunziro a masiku amenewo adali kuwerenga, kulemba ndi Baibulo basi. Sekondale m'dziko muno idachedwa kudza: ya Blantyre idatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951. Ya pa Kongwe idabwera pambuyo pa zimenezi, nitenga dzina la mbusa uja, ndipo ili m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma ya CCAP.

Popeza masukulu adali owerengeka, wosankhidwa ankachoka kutali, kotero kugonera pasukulu sikudali kufuna koma kukakamizika. Apa mpamene padagona nkhani. Mwana wa mlimi wa fodya wa ku Mponela, mwana wa kalaliki wa ku Lilongwe ndi mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota ankapezeka m'chipinda chimodzi, mabedi moyang'anana, masutikesi kunsi. Kwawo sakadadyera pamodzi. Kuno belu limodzi linkawadzutsa, kuwatuma kukasesa, kuwalowetsa m'tchalitchi, ndi kuwakhazika pa pulepu usiku.

Ku dayiningi ndiye kudali sukulu ina. M'masukulu ogonera a dziko lino chakudya chidali chodziwika: phala m'mawa, nsima ndi nyemba masana, nsima ndi nyemba madzulo, nyama mwa apo ndi apo. Nyemba zikafumbwa, anyamata ankaseka kuti ndiwo zabwera ndi nyama yake. Wobwera ndi chiponde kapena shuga kuchokera kumudzi ankaphunzira msanga kuti wodya yekha amadwalanso yekha. Ubale womangidwa pa sipuni ya chiponde udafika mpaka m'maofesi a ku Capital Hill.

Tisanamizane, abale, sizonse zidali zokoma. M'masukulu ambiri ogonera mudali mwambo woipa wozunza a Fomu 1, uja ankati kutizinga: kuwachapitsa zovala, kuwalanda kamba, kuwaimbitsa nyimbo pakati pa usiku. Wozunzidwa chaka chino ankadikira chaka chamawa kuti naye abwezere pa mwana wa eni. Chingerezi chinkakakamizidwanso pabwalo la sukulu, ngakhale Chichewa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968. Ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi, ndale zinkanong'onedwa magetsi atazima, pakuti ndende ya Dzaleka idali m'boma lomwelo la Dowa. Malowo adasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994.

Chaka chomwecho cha 1994 boma lidachotsa fizi ku pulayimale, ana nadzaza m'makalasi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ma MCDE adasandutsidwa masekondale oyendera, ma CDSS. Khomo lidatsegukadi, ndipo tiyenera kuyamika. Koma ambiri mwa masukulu amenewa alibe hosteli kapena dayiningi. Mwana wa kumapiri a Ntchisi amayenda mtunda wautali m'mawa uliwonse, kapena amachita lendi kachipinda pafupi ndi msika, n'kumadziphikira yekha. Kwa mtsikana, kachipinda koteroko nthawi zina ndiko kamathetsa sukulu.

Choncho pokumbukira belu la pa Kongwe tisangoti kale kunkakoma. Ochepa okha ndiwo adalimva. Phunziro lake ndi lakuti mwana saleredwa ndi bolodi ndi choko zokha, komanso ndi malo amene amadyera, kugona ndi kukangana ndi anzake. Amene adadya nyemba zija lero ndi abusa, aphunzitsi, madokotala ndi akuluakulu a boma. Akamakumana kukumbutsana za kale, adzifunseko: nanga mwana wa pa CDSS ya kwathu agona kuti usiku uno?