Chifukwa Chake Akatswiri a Njuga Amabwerera Chimanjamanja

Njuga ya makadi imayenda pamene pali ndalama zogwirika, ndipo m'midzi ya ku Nsipe ndalama zinayamba kufunika kwambiri chifukwa cha msonkho. Atsamunda atapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896, Angoni a ku Ntcheu analowa pansi pa boma lofuna msonkho wa nyumba chaka ndi chaka. Amuna ambiri anayamba ulendo wa kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg, ena wapansi, ena kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi. M'makomboni a kumeneko, momwe amuna ankakhala okhaokha kutali ndi akazi awo ndi minda yawo, makadi ndi madayisi zinali zotayitsa nthawi pa Sabata ndi pa tsiku la malipiro. Mwambowu unabwera kumudzi pamodzi ndi njinga, mabulangete ndi masutikesi. Funso limene mbiriyi imasiya ndi lakuti: bwanji anthu odziwa njuga koposa anzawo, amene amaika ndalama zikuluzikulu, ndi amenenso amathera pa umphawi? Yankho langa ndi lakuti chimene chimagwetsa munthu wotere si kuchepa kwa luso, koma kukula kwa ndalama imene waika poyerekeza ndi thumba lake lonse.

Masamu ake ndi akale, ndipo katswiri wa masamu Christiaan Huygens anawalemba m'buku mu 1657. Anthu awiri aponyerane ndalama yachitsulo mopanda chinyengo, wina ali ndi K10,000, mnzake K90,000, ndipo agwirizane kuti asiya pokhapokha wina atatheratu. Pa maulendo khumi, wa thumba laling'ono ndiye amatha maulendo asanu ndi anayi, ngakhale pa kuponya kulikonse mwayi wawo ndi wofanana. Chifukwa chake n'chakuti kuluza motsatizana kumabwera ndithu kwa aliyense, ndipo wa thumba lalikulu amapirira mpaka mphepo itatembenuka, pamene mnzake amakhala atadzuka kale pamphasa. Palinso china chimene ambiri sachiona. Munthu wa K100,000 akamaika theka la zimene ali nazo pa dzanja lililonse, akapambana kamodzi amafika pa K150,000, akaluza kamodzi amatsika pa K75,000. Wapambana kamodzi, waluza kamodzi, koma gawo limodzi mwa magawo anayi lapita. Mu 1956 John Kelly wa ku Bell Labs anasonyeza kuti ngakhale munthu amene mwayi uli kumbali yake ali ndi malire a ndalama imene angaike, ndipo akapyola malirewo kwambiri, thumba lake limanka liphwa ngakhale akusewera bwino.

Dongosolo la Wenela, mwina mosafuna, linasonyeza zimenezi poyera. Gawo la malipiro a Amalawi silinkaperekedwa kumgodi; linkasungidwa kuti munthu akalandire atabwerera kwawo. Maboma ankafuna kuti ndalamayo ilowe m'dziko ndiponso kuti amuna azibwerera, sikuti ankamvera chisoni anthu a njuga. Komabe zotsatira zake zinali zakuti wogwira ntchito kumgodi sakanatha kuika pamphasa thukuta lake lonse la miyezi yambiri usiku umodzi. Ngozi inkasamukira ku tsiku lolandira ndalama yosungidwayo, pamene munthu wozolowera kugwira mashiling'i ankapezeka ndi mpukutu m'thumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Banda analetsa ulendowu. Unayambanso mu 1977 pansi pa TEBA, bungwe lolowa m'malo mwa Wenela, n'kutha mu 1988. Koma ndalama yobwera kamodzi pachaka sinathe. Mlimi wogulitsa fodya, chimanga kapena mbatata pa msika wa Kampepuza amalandira thukuta la chaka chonse pa masiku ochepa, ndipo a wachionandani amadziwa bwino nyengo imene misika imakhala ndi anthu a matumba otupa.

Wina angatsutse kuti zonsezi n'za anthu osadziwa kusewera, pakuti masewera ena a makadi, monga poker, ali ndi luso lenileni ndipo katswiri amadya anzake. N'zoona kuti luso lilipo. Koma taonani Stu Ungar, amene anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker mu 1980, 1981 ndi 1997. Anamwalira mu November 1998 m'chipinda cha motelo ku Las Vegas ali ndi zaka 45, wopanda chuma. Archie Karas anafika mumzinda womwewo mu 1992 ndi madola 50, nafika pa madola pafupifupi 40 miliyoni, ndipo mu 1995 zonse zinatha. Luso limapatsa munthu mwayi wochepa woposa mnzake, umene umaoneka pakapita manja masauzande. Koma katswiri akapambana amakwera kupita pa tebulo la ndalama zambiri, kumene anzake ndi akatswiri ngati iye, moti mwayi wake umachepa pamene ndalama yoika ikukula. Thumba lakula kawiri, choika chakula kakhumi. Ndipo popeza dzina lake lamveka, kutsika kubwerera pa tebulo laling'ono kumamuchititsa manyazi, choncho amakongola kuti akhalebe pamwamba.

Ena amati vuto ndi khalidwe: mowa, mankhwala ozunguza bongo, moyo wa matama. Pamenepa pali choona chambiri, ndipo Ungar yemweyo anawonongeka ndi mankhwala komanso kubetcha pa mahatchi ndi pa masewera, kumene luso lake la makadi silinkagwira ntchito. Sindikuchepetsa ululu wa chilakolako cha njuga, chimene madokotala amachiwerenga ngati matenda ndipo mabanja ambiri asweka nacho. Koma khalidwe loipa limangofulumizitsa chimene masamu analamula kale. Munthu wosamwa, wopemphera, wosamala banja lake, akamaika theka la thumba lake pa dzanja limodzi adzatha ndithu. Chimodzimodzi amene amati mnzawo wawadya chifukwa ali ndi chithumwa: kuluza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi motsatizana sikufuna mankhwala, kumachitika kokha kwa aliyense wosewera nthawi yaitali. Chikhulupiriro chimenechi n'choopsa chifukwa chimauza woluza kuti vuto lili kwa mnzake, ndipo amabwerera mawa ndi ndalama ya feteleza.

Chimene chasintha m'zaka zathu ndi mwini thumba la tsidya linalo. Pansi pa mtengo, wosewera ankalimbana ndi mnansi wake wa thumba lofanana ndi lake, ndipo masewera ankatha dzuwa likalowa kapena apolisi akatulukira. Lamulo la 1996 linatsegula khomo la makasino, kampani ya kubetcha ya Premier Bet inayamba ntchito m'dziko muno mu 2015, ndipo lamulo la 2022 linakhazikitsa bungwe la MAGLA loyang'anira njuga ndi malotale. Tsopano mnyamata wa kabaza pa Nsipe amalimbana ndi kampani imene thumba lake silingathe ndi kuluza kwa tsiku limodzi, imenenso inakonza mitengo ya kubetcha kuti gawo lina lizitsalira iyo nthawi zonse. Pa zinthu ziwiri zimene Huygens ndi Kelly anatchula, kukula kwa thumba ndi mbali imene mwayi wapendekera, zonse zili kwa kampani. Wa kumgodi uja anali ndi ofesi imene inkamusungira gawo la malipiro ake kutali ndi mphasa ya makadi. Mdzukulu wake amasunga ndalama ya mbewu, ya fizi ndi ya kubetcha mu Airtel Money kapena Mpamba imodzi, pa foni yomweyo imene njuga ya Aviator imaseweredwa usana ndi usiku.